Khomo la parishi lili kumphakati

Mphakati ndi kagulu ka mabanja a Chikatolika oyandikana nyumba, ndipo foni imene mlembi wake, ngati ine, amaiopa ndi ya usiku, ya nambala yachilendo. "Pepani bambo, ine ndine mlamu wa malemu uje. Akuti amapemphera kwanuko." Tsiku limenelo ndinadzuka, n'kuyatsa tochi, n'kutsegula kaundula, chala chikuyenda tsamba ndi tsamba. Dzina panalibe. Ndinaimbira apampando, nawonso akuti sakuwadziwa. Kutacha, ataturutsa chithunzi, tonse tinagwira pakamwa. Anali bambo aja okonda kukhala benchi lachitatu kuchokera kumbuyo pa Misa ya 6 koloko, zaka zitatu osajomba. Nkhope tinkaidziwa, koma dzina, nyumba, kwawo, palibe ankadziwa. Maliro tinaimba ndithu, koma litadutsa tsiku lathunthu achibale akuthamangira kalata kuparishi ya kumudzi, ena atakhumudwa kale kuti Akatolika ndi ouma mtima.

Malangizo awa, a momwe mungadziwikire kuparishi yanu, ndi a inu amene mwangosamuka kumene, kaya chifukwa cha ntchito, sukulu kapena banja, komanso inu amene mwakhala zaka mukumva Misa n'kumatuluka wansembe akangodalitsa.

Choyamba, musanasamuke: kalata

Musanakweze katundu pa lole, pitani kwa apampando a mphakati wanu wakale mukatsanzike, ndipo mupemphe kalata ya msamuko. Kalatayo imadutsa kwa akuluakulu a tchalitchi mpaka kuofesi ya parishi, kumene amaidinda. Imanena zinthu zochepa: kuti ndinu Mkatolika, mukulandira masakramenti kapena ayi, mtulo mwalekezera pati, ndiponso ngati munali ndi udindo. Tengani komanso kadi lanu la ubatizo, la akazi anu kapena amuna anu, ndi la mwana aliyense.

Ngati kadi linatayika, musade nkhawa. Buku la ubatizo limasungidwa kuparishi kumene munabatizidwira, ndipo Ulimbitso ndi ukwati zimalembedwanso m'buku lomwelo ngakhale munakalandirira kwina. Mukadziwa parishi, chaka, ndi maina a makolo anu, adzakupezani. Maparishi akale monga Nzama, yomwe ansembe a Montfort anatsegula mu 1901, kapena Mua, ya Ansembe Oyera kuyambira 1902, asunga maina a mibadwo ingapo. Chovuta chimakhala kalembedwe ka dzina: kusukulu munasintha n'kuyamba kutchedwa dzina la malume anu, pamene m'buku munalembedwa ndi dzina la bambo. Nenani maina onse awiri.

Ngati munasamuka kale opanda kalata, pemphani wachibale akakutengereni. Masiku ano ambiri amajambula n'kutumiza pa WhatsApp, koma ofesi zambiri zimafunabe kuona pepala lenileni lokhala ndi chidindo, choncho lidzabwere pambuyo ndi munthu wodalirika. Amene mukupita ku Johannesburg kapena kwina kunja, kadi la ubatizo liikeni pamodzi ndi pasipoti.

Chachiwiri: dziwani parishi yanu yeniyeni

Parishi ili ndi malire, ndipo malirewo sayendera tchalitchi limene lakusangalatsani kwaya. M'Malawi muno muli madayosizi asanu ndi atatu: Blantyre, Lilongwe, Chikwawa, Zomba, Mangochi, Dedza, Mzuzu ndi Karonga. Dayosizi imagawidwa m'maparishi, parishi m'matchalitchi a nthambi, ndipo tchalitchi lililonse m'miphakati. Kumudzi nkhaniyi siivuta, mumapita tchalitchi la pafupi. M'tauni ndi momwe anthu amasokonekera. Munthu akukhala ku Area 25 koma amapemphera ku Maula chifukwa amakonda Misa ya Chingerezi, kapena akukhala ku Bangwe koma anazolowera kutchalitchi la CI (Catholic Institute) kuyambira ali mnyamata. Kumva Misa kulikonse n'kololedwa, palibe angakuletseni. Koma tsiku la ubatizo wa mwana, la ukwati kapena la maliro, funso loyamba lidzakhala lakuti, "Mphakati wanu ndi uti?" Ndipo mphakati umatsata kumene mumagona.

Njira yachidule ndi kufunsa aneba. Mukaona mayi wavala chitenje cha Maria Virigo kapena cha bungwe la amayi Akatolika akupita kumaliro, mupatseni moni n'kumufunsa. Safunsa anadya phula.

Chachitatu: kaonekereni

Lamulungu loyamba, musathawe nthawi ya zolengeza. M'matchalitchi ambiri amaitana alendo kuti aime kapena abwere kutsogolo. Anthu ambiri amachita manyazi n'kumira m'benchi. Imani ndithu, nenani dzina, kumene mwachokera ndi kumene mukukhala. Mphindi imodzi yokhayo imakupulumutsani ku miyezi yofufuza, chifukwa Misa ikangotha wina adzakutsatani panja n'kunena kuti, "Kumene mwatchulako ndi kwathu, ndife a Kizito Woyera."

Kenaka, pakati pa sabata, pitani kuofesi ya parishi ndi makalata anu. Musalimbane ndi kuonana ndi bambo mfumu, wansembe wamkulu wa parishi, pa Lamulungu. Tsikulo amakhala ndi Misa ziwiri kapena zitatu, mwina wina akuwadikira ndi njinga yamoto kupita kunthambi, ndipo zomwe mungawauze pakhomo la tchalitchi sadzazikumbuka. Munthu wofunika kumudziwa msanga ndi akatekisiti. Iwo ndi amene amadziwa mabanja, makalasi, mabuku ndi masiku amene ansembe amakhala muofesi. Ansembe amasinthidwa pakapita zaka zingapo, akatekisiti ambiri amakalambira pomwepo.

Chachinayi: lowani mphakati, ndipo muzipitako

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Kuchigawo cha pakati timati mphakati, kummwera mudzamva akuti limana, koma chinthu chake n'chimodzi: mabanja a Chikatolika oyandikana nyumba, osonkhana pansi pa dzina la woyera mtima wina. Sizinayambe dzulo. Ambuye Patrick Kalilombe atakhala episkopi wa Lilongwe mu 1972, anachititsa sinodi ya dayosizi kuyambira 1973 mpaka 1975, ndipo chimodzi mwa zazikulu zomwe zinatuluka mmenemo chinali chakuti Mpingo ukhazikike pa miphakati, akhristu eni ake azidziyendetsa, kudzithandiza ndi kufalitsa Mthenga Wabwino osadikira wansembe pa chilichonse. Mu 1976 maepiskopi a maiko a kuno kummawa kwa Afrika, m'bungwe lawo la AMECEA, anagwirizana kuti iyi ndiyo njira yoyenera kuikidwa patsogolo. Chifukwa chake n'chosavuta kuona: parishi imodzi ili ndi akhristu zikwizikwi, ansembe awiri kapena atatu. Wansembe sangadziwe kuti agogo akuti agona masiku anayi osadya. Mneba ndiye angadziwe.

Msonkhano wake umayenda chonchi, ngakhale dera lililonse lili ndi kachitidwe kake. Mumasonkhana pakhomo pa mmodzi mwa inu, mosinthana. Pakatebulo ayala nsalu yoyera, mtanda, kandulo ndi Baibulo, ena Malembo Oyera akale aja, ena Buku Loyera. Nyimbo, pemphero, kenaka wina awerenga Mthenga Wabwino, kawirikawiri wa Lamulungu limenelo kapena likubweralo, n'kuubwerezanso kachiwiri. Pamakhala kachetechete pang'ono, ndiye aliyense wofuna amanena mawu amene amukhudza. Si nthawi yolalikira iyi, ngakhale simudzalephera kupeza bambo mmodzi amene amaiwala zimenezo. Kukatha kugawana Mawu, mapemphero a aliyense, chopereka, kenaka nkhani za pamudzi: ndani akudwala, ndani waferedwa, sabata iti ndi yathu yosesa m'tchalitchi, makalata ochokera kuparishi.

Tsiku loyamba tengani kalata yanu mupereke kwa mlembi, ndipo muonetsetse kuti walemba maina a onse a m'nyumba mwanu, kuphatikizapo mwana wa achemwali anu amene mukumusunga ndi mtsikana wantchito ngati ndi Mkatolika. Lembetsani nambala ya foni kuti akuikeni pagulu la WhatsApp. Funsani zinthu zitatu: amakumana tsiku liti, sonkho ya pamwezi ndi zingati, ndipo maliro akagwa amachita bwanji.

Miyezi iwiri yoyamba, tsekani pakamwa pang'ono. Ndikunena izi chifukwa ndinalakwitsapo ndekha. Nditangofika ndinayamba kuti "kwathu sitichita chonchi," "kwathu kolona timayamba nayo," mpaka mayi wina wachikulire anandiyankha mwaulemu kuti, "Achimwene, kwanuko kukuoneka kuti n'kwabwino, nanga munachokerako chiyani?" Anthu anaseka, ine ndinaphunzira. Maganizo anu abwino adzamveka akadzakuonani mutagwira tsache.

Ndipo abambo, mphakati si wa amayi okha. Pitani m'miphakati yambiri mudzapeza amayi khumi ndi asanu, ana, ndi abambo awiri, mmodzi mwa iwo ndi wapampando. Kutumiza mayi ndi ndalama ya sonkho sikulowa mphakati. Tsiku lokumba manda kapena lonyamula bokosi, ndalama ija siigwira khasu.

Ntchito zimene zidzakupezeni

Mphakati uliwonse uli ndi sabata yake yotumikira kutchalitchi. Loweruka mumakasesa, kukolopa, kupukuta mabenchi ndi kukonza maluwa. Lamulungu lake mumawerenga Mawu, kutsogolera mapemphero a akhristu, kuyendetsa mbale ya chopereka ndi kuperekeza mphatso kuguwa: ufa, mpunga, mazira, nkhuku, sopo, zomwe zimathandiza panyumba ya ansembe. Ngati mumawerenga bwino, dziperekeni. Koma konzekerani kunyumba, mokweza mawu, kawiri kapena katatu. Maina a m'Chipangano Chakale agwetsa anthu ophunzira ambiri pa maikolofoni.

Kenaka odwala ndi maliro. Palibe chimene chimamanga munthu kumphakati kuposa kugona pasiwa usiku umodzi, kuimba mpaka mawu kusasa, m'mawa n'kumwa tiyi wa m'kapu imodzi ndi anthu amene dzulo munali kungowapatsa moni wa pamsewu. Maliro n'kulirana. Musadikire kuti womwalirayo akhale womudziwa.

Mwezi wa Meyi ndi wa Okutobala miphakati yambiri imapemphera kolona madzulo, khomo ndi khomo. M'nyengo ya Lenti kuli Njira ya Mtanda Lachisanu lililonse. Kwa munthu wamanyazi, izi ndi nthawi zabwino zoyambira, chifukwa palibe amene adzakufunseni kuti mulankhule.

Chachisanu: za ndalama, tinene mosabisa

Pali chopereka cha pa Misa, pali mtulo wa pachaka umene umalembedwa pakadi lanu, pali masika nthawi yokolola, pali sonkho ya mphakati, ndiye pali zapadera: kumanga holo, kugula galimoto ya parishi, kuthandiza seminale, Lamulungu la Misyoni mu Okutobala. M'tauni mudzamvanso za Paper Sunday, tsiku limene ndalama zachitsulo zimapuma. Zikaunjikana zimalemera, ndipo si tchimo kuvomereza zimenezo.

Mlingo wa mtulo umasiyana malinga ndi dayosizi ndi parishi, choncho funsani kwa msungichuma. Langizo langa ndi lakuti perekani pang'onopang'ono chaka chikamayamba, ndipo nthawi iliyonse alembe pakadi kapena akupatseni lisiti. Musadikire kuti mudzalipire zaka zitatu pakamodzi tsiku limene mukufuna kubatizitsa mwana, chifukwa pamenepo zimaoneka ngati mukugula sakramenti, ndipo inunso mumachoka ndi mtima woti akugulitsani. Ngati ntchito yatha kapena matenda akusautsani, auzeni apampando poyera. Umphawi suletsa munthu masakramenti, ndipo mtsogoleri amene angakuuzeni zosiyana ndi izi, nkhaniyo ipite kwa bambo mfumu.

Muli ndi ufulu womva lipoti la chuma, la mphakati ndi la tchalitchi lomwe. Lifunseni pamsonkhano, mwaulemu, osati pagulu la WhatsApp pakati pa usiku.

Chachisanu ndi chimodzi: sankhani bungwe limodzi

Mukakhazikika kumphakati, mabungwe adzayamba kukukopani. Amayi ali ndi bungwe lawo la CWO, abambo nawonso ali ndi lawo. Pali Legio ya Maria, yomwe inayambira ku Dublin mu 1921 ndi Frank Duff. A Legio amakumana sabata iliyonse, amapatsidwa ntchito yoyendera anthu awiriawiri, ndipo sabata yotsatira amapereka lipoti la zomwe achita. Ngati simukonda kufunsidwa kuti "ntchito ija munagwira?", kumeneko sikwanu. Pali a Vinsenti wa Paulo, bungwe limene Frédéric Ozanam ndi anzake anayambitsa ku Paris mu 1833, loyendera osauka, okalamba ndi a kundende. Pali a Chifundo cha Mulungu, a Karizimatiki, a Chilungamo ndi Mtendere, makwaya, ndipo achinyamata ali ndi YCS kusukulu ndi YCW kwa amene ayamba kudziimira.

Pitani kamodzi kapena kawiri ngati mlendo musanasoketse yunifolomu. Funsani masiku okumana ndi zosonkha zake, muyerekeze ndi nthawi yanu yoweruka kuntchito. Kwaya, mwachitsanzo, imaoneka yokoma Lamulungu, koma kuseri kwake kuli maphunziro kawiri kapena katatu pasabata, maukwati a Loweruka ndi maulendo. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ndaonapo anthu olowa mabungwe anayi chaka chimodzi, chaka chotsatira osaoneka ngakhale ku Misa chifukwa chothawa ngongole za sonkho. Ndipo bungwe lisalande malo a mphakati: kalata ya ubatizo wa mwana wanu sidzasainidwa ndi wapampando wa kwaya.

Chachisanu ndi chiwiri: ana ndi masakramenti

Ana alembetseni ku Tilitonse mukangofika, musadikire kuti chaka chiyambe. Kumeneko ndi kumene amaphunzira katekisimu pokonzekera Ukaristia woyamba ndi Ulimbitso. Anyamata angathe kutumikira kuguwa, atsikana kuvina pa Misa, ndipo ana akalowerera, makolo mumapezeka mwadziwana ndi makolo anzanu osadziwa n'komwe.

Pofuna kubatizitsa khanda, yambirani kumphakati, iwo akulemberani kalata yopita kuofesi, kenaka makolo mumalowa maphunziro. Bambo kapena mayi wa ubatizo asankhidwe mosamala. Lamulo la Mpingo limafuna Mkatolika wa zaka zosachepera 16, wolimbitsidwa, wolandira Ukaristia, wa moyo wogwirizana ndi chikhulupiriro chake, ndipo asakhale kholo la mwanayo. Bwana wa kuntchito amene sapemphera, ngakhale ali ndi galimoto yabwino, muitaneni kuphwando kokha.

Tsopano nkhani imene imabisa anthu ambiri kumbuyo kwa tchalitchi: ukwati wosadalitsa. Munangolowana, kapena munachita chinkhoswe basi, ndiye simulandira Ukaristia, ndipo mukuganiza kuti kumphakati adzakulozani chala. Bwerani ndithu. Simunachotsedwe mu Mpingo, ndipo simuli nokha. Alangizi a mabanja adzakuthandizani njira yake: kukaonana ndi ansembe nonse awiri ndi ankhoswe, makalata a ubatizo, maphunziro a banja, ndi kulengeza m'tchalitchi, kawirikawiri masabata atatu. Chimene chimachedwetsa ambiri si Mpingo, ndi holo, keke ndi zovala za operekeza. Ukwati ungadalitsidwe pa Misa ya m'mawa pakati pa sabata, pali wansembe ndi mboni ziwiri, mukatero n'kubwerera kunyumba kukamwa tiyi. Maparishi ena amakonzanso tsiku lodalitsa maukwati ambiri pamodzi. Ngati mnzanuyo ndi wa mpingo wina, n'zotheka ndithu, koma pamafunika chilolezo chochokera kwa episkopi, choncho yambani msanga. Ngati mmodzi wa inu anakwatirapo kale m'tchalitchi, nkhaniyo ndi ya ansembe okha, musaitengere pabwalo la mphakati.

Amene simunabatizidwe ndipo mukufuna kulowa Chikatolika, akatekisiti adzakulembani m'kalasi ya akatekumeni. Kale Ansembe Oyera ankaphunzitsa zaka zinayi. Lero nthawiyo inafupika, koma si nkhani ya mwezi umodzi, ndipo akuluakulu kawirikawiri amabatizidwa usiku wa Pasaka. Ochokera ku CCAP kapena ku Anglican sabatizidwanso, amangophunzira n'kulandiridwa, choncho bweretsani kalata yanu ya ubatizo ya kumeneko.

Zikafika powawa

Zidzafika. Wina adzakunenani, chisankho chidzayenda mokondera, maliro a wolemera adzadzaza anthu pamene a wosauka munapita anthu asanu. Mungadwale mwezi wathunthu osabwera munthu. Musanakwiye, dzifunseni ngati munauza aliyense, chifukwa kawirikawiri timapeza kuti uthenga sunafike. Ngati vuto ndi lenileni, ndondomeko yake ndi apampando a mphakati, kenaka khonsolo ya tchalitchi, kenaka bambo mfumu. Kudumphira kwa ansembe ndi nkhani imene apampando sanaimve kumangobwezetsa nkhaniyo pansi, inu mutadana kale ndi anthu. Kupatula nkhani ya nkhanza kwa mwana kapena kugwiriridwa: imeneyo siyoyendetsa m'makomiti, kanenedwe msanga kupolisi ndi kwa bambo mfumu kapena kudayosizi.

Udindo akakupatsani chaka choyamba, mungathe kupempha kuti muyambe mwakhala wachiwiri. Koma wa msungichuma musaulandire ngati kunyumba ndalama ikuvuta. Ndalama ya mphakati yobwereka "mpaka pa 30" yathetsa chikhristu cha anthu abwino ambiri.

Kulandira mphakati pakhomo panu

Pakapita miyezi iwiri kapena itatu, nenani nokha kuti sabata yamawa abwere kwanu. Ambiri amazemba chifukwa nyumba ndi ya chipinda chimodzi, kapena mipando ndi iwiri. Yalani mkeka panja pamthunzi, bwerekani benchi kwa aneba, uzani eni nyumba pasadakhale ngati muli pa lendi. Konzani katebulo, nsalu yoyera, kandulo ndi machesi, chifukwa machesi ndi amene amaiwalika nthawi zonse. Zakudya si lamulo. Miphakati ina inaletseratu kuti osauka asamachite manyazi, ndipo ngati kwanuko amalola, madzi akumwa ndi mtedza wokazinga zakwana. Tumizani mwana akaime pamphambano kuti alozere anthu njira, ndipo galu mumumangirire kuseri.